Kampani yagulidwanso: mmene ntchito yosamalira okalamba kunyumba inafikira m'manja mwa abizinesi ku England

Mukafunsa Amalawi amene apita ku England zaka zaposachedwazi kuti akugwira ntchito yanji, ambiri yankho lake ndi limodzi, care. Chimodzimodzi anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Ena ali m'nyumba zosungira okalamba koma ambirinso ndi aja oyenda khomo ndi khomo, kudzutsa agogo, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala ndi kadzutsa kenako kuthamangira nyumba ina nthawi isanathe. Nde mukacheza nawo bwinobwino mumva zoti yunifolomu yasintha, dzina la kampani pa payslip lasintha, ofesi ndi yomweyo, manijala ndi yemweyo koma eni ake ndi ena amene palibe anawaonapo. Anthu kumudzi amadabwa kuti dziko lolemera ngati limenelo, lokhala ndi chipatala chaulere, bwanji nkhalamba zake zikusamalidwa ndi makampani ogulana ndi kugulitsana chonchi. Nkhaniyi ndi yaitali ndithu ndipo inayamba kale.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali manesi enieni oyendera odwala kunyumba, kumeneko amati ma district nurse, amene amatsuka zilonda, kubaya insulin, kusintha ma catheter, kusamalira munthu amene watsala pang'ono kutisiya. Amenewa ndi a NHS, bungwe la boma loyendetsa zipatala zaulere, ndipo wodwala salipira kanthu. Kenako pali osamalira aja, ma carer, ogwira ntchito yosambitsa, kudyetsa, kupititsa munthu kuchimbudzi. Imeneyi si ya NHS ayi, ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo si yaulere kwa aliyense. Kugawikana kumeneku kunachitika mu 1948, chaka chimene NHS inayamba, pamene lamulo lina la National Assistance Act linasiya chisamaliro cha okalamba kwa makhonsolo ndipo linalola kuti anthu azilipitsidwa malinga ndi zimene ali nazo. Mpaka lero ku England munthu akakhala ndi chuma chopitirira mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha zonse, ndipo nambala imeneyi sinasinthe chiyambire 2010 pamene zinthu zonse zakwera. Ndiye munthu wodwala khansa amathandizidwa mwaulere, koma wodwala matenda oiwalaiwala aja a dementia amene akufunika munthu womuyang'anira tsiku lililonse nthawi zambiri amauzidwa kuti vuto lake ndi la ku khonsolo, alipire. Ine zimenezi zimandiwawa chifukwa onsewa ndi odwala.

Kale makhonsolo ankalemba okha antchito amenewa. Ankawatcha ma home help, ambiri anali azimayi a m'dera lomwelo, olembedwa ndi khonsolo, okhala ndi penshoni ndi malipiro akadwala. Zinthu zinayamba kutembenuka m'zaka za m'ma 1980 nthawi ya Margaret Thatcher. Panali khomo lina lotseguka m'malamulo, boma lalikulu linkalipira munthu wosauka aliyense wolowa m'nyumba ya okalamba ya kampani popanda kufufuza ngati akufunikiradi kukhala kumeneko. Nyumba zoterezi zinaphuka paliponse ndipo ndalama zimene boma linkalipira zinachoka pa mapaundi pafupifupi 10 miliyoni mu 1979 kufika popitirira 2 biliyoni kumayambiriro kwa ma 1990. Boma linapempha Roy Griffiths, amene anali bwana wamkulu ku masitolo a Sainsbury's, kuti aunike nkhaniyi ndipo lipoti lake linatuluka mu 1988. Maganizo ake anali oti ndalama zipite ku makhonsolo, anthu azisamalidwa m'nyumba zawo mmalo mowatsekera m'ma home, koma khonsolo isamagwire yokha ntchitoyo, izingounika munthu, kukonza zimene akufunika kenako kukagula chisamalirocho kwa ena.

Zimenezi zinalowa m'lamulo la NHS and Community Care Act la 1990 limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu April 1993. Ndipo apa pali kanthu kamene anthu ambiri sakadziwa koma ndi kamene kanasintha zonse. Ndalama zimene boma linasamutsira ku makhonsolo zinabwera ndi lamulo loti 85 peresenti igwiritsidwe ntchito pogula kwa makampani ndi mabungwe omwe si a khonsolo. Ndiye kaya khonsolo inali ya Labour kaya ya Conservative, kaya inkafuna kaya sinkafuna, inayenera kuyamba kugula kunja basi. Mu 1993 pafupifupi 95 peresenti ya maola osamalira anthu kunyumba ankagwiridwa ndi antchito a khonsolo. Pofika 2012 anali atatsika kufika cha m'ma 11 peresenti. Palibe tsiku limene boma linaima nkulengeza kuti tagulitsa ntchito imeneyi ngati mmene anachitira ndi njanji kapena magetsi, zinangopita pang'onopang'ono, kontirakiti imodzi imodzi, ndipo maboma a Tony Blair ndi Gordon Brown atabwera sanabweze, anangopitiriza.

Tisanamizane kuti zonse za khonsolo zinali bwino. Anthu olumala makamaka ankadandaula kuti khonsolo inkawauza nthawi yodzuka ndi yogona ngati ana, ntchito zambiri zinkatha madzulo ndipo kumapeto kwa sabata kunalibe wobwera. Iwowa ndi amene anamenyera kuti azipatsidwa ndalama m'manja nkudzilembera okha wowasamalira, ndipo lamulo la 1996 la ma direct payment linabwera chifukwa cha iwo. Makampani ena ang'onoang'ono ndi mabungwe achifundo anabweretsadi chisamaliro chabwino. Koma chifukwa chachikulu chimene makhonsolo anathamangira ku makampani chinali mtengo, ola limodzi la kampani linali lotsika kwambiri poyerekeza ndi ola la wantchito wa khonsolo, ndipo kutsikako sikunachokere ku nzeru zatsopano ayi, kunachokera ku malipiro ochepa, penshoni yochepa ndi makontirakiti opanda maola otsimikizika.

Tsono tione mmene msikawu umayendera chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makampani osamalira anthu kunyumba alipo masauzande, ambiri ang'onoang'ono, koma wogula wamkulu m'dera lililonse ndi mmodzi, khonsolo. Zili ngati ku okushoni ya fodya ku Kanengo, alimi ndi ambirimbiri koma ogula ndi owerengeka nde mtengo amatchula ndi wogula, mlimi akakana abwerera nawo fodya wake. Khonsolo imatulutsa tenda, makampani amapikisana, ndipo khonsolo imene bajeti yake yafinyidwa imayang'ana kwambiri wotchipa. Kuyambira 2010 boma la David Cameron ndi George Osborne linadula kwambiri ndalama zopita ku makhonsolo pamene chiwerengero cha okalamba chinkakwera, ndiye makhonsolo anachita ziwiri, kuchepetsa anthu oyenera kuthandizidwa ndi kufinya mtengo wa pa ola.

Ndipo ola limenelo silimatanthauza ola la wantchito. Makhonsolo ambiri amalipira nthawi yokhayo imene carer ali m'nyumba mwa munthu, ena mpaka kuwerenga mphindi, carer akalowa amasikana pa foni, akatuluka amasikananso. Nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina, kudikira basi, kufunafuna poimika galimoto, mpata wa pakati pa ma call (maulendo opita kwa makasitomala) a m'mawa ndi a masana, zonsezo kampani ndi imene ikuyenera kuzipezera ndalama kuchokera mu mtengo womwe uja. Lamulo limanena kuti nthawi yoyenda pakati pa makasitomala ndi nthawi ya ntchito ndipo malipiro onse akagawidwa asatsike pansi pa minimum wage, koma makampani ambiri akhala akupezeka kuti sakutsatira, nchifukwa chake mumamva m'bale wanu akunena kuti wachoka pakhomo 6 koloko m'mawa wabwera 10 koloko usiku koma maola olipidwa ndi ochepa kwambiri. Bungwe la makampani omwewa, Homecare Association, limawerengera chaka chilichonse mtengo wotsikitsitsa umene kampani ingagwirire ntchito motsata malamulo, ndipo wa 2024 mpaka 2025 unali mapaundi 28.53 pa ola ku England. Makhonsolo ambiri ankalipira pansi pa pamenepo.

Apa ndi pamene panabadwira ma call a mphindi 15. Taganizani, mayi wa zaka 88 amene miyendo ndi yolimba, akumva movutikira, mwina sakukumbukira kuti ndinu ndani, inu mulowe, mupereke moni, muwadzutse, apite kuchimbudzi, amwe mankhwala, muwakonzere tiyi, mulembe lipoti, zonsezo mphindi 15. Sizitheka, nde carer amasankha chosiya kapena amapitirira nthawi mwaulere nkuchedwa kwa munthu wotsatira. Bungwe la antchito la Unison linayamba kampeni ya Ethical Care Charter mu 2012 yolimbana ndi zimenezi, ndipo mu 2015 bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ndi chisamaliro, linalangiza kuti ulendo wosamalira munthu uzikhala wosachepera mphindi 30 pokhapokha pa zifukwa zapadera. Zinachepako koma sizinatheretu.

Mwina mukufunsa kuti ngati phindu ndi lochepa chonchi bwanji makampani akuluakulu ankalimbirana kugula. Yankho lake ndi loti pa pepala bizinesiyi imaoneka yokoma. Okalamba akuchuluka chaka ndi chaka, wolipira ndi boma limene silithawa ndi ngongole, ndipo msika ndi womwazikana ndiye munthu wandalama amaganiza kuti ndikagula timakampani 20 nkutiphatikiza, ofesi ya malipiro ikhala imodzi, kompyuta yokonza ma rota imodzi, maphunziro amodzi, ndipo kampani yaikulu imagulitsidwa pa mtengo wokwera kuposa timakampani tija patokhapatokha. Amene amakonda masewera amenewa ndi makampani a private equity, amasonkhanitsa ndalama za anthu olemera ndi mathumba a penshoni, nkugula kampani pogwiritsa ntchito ngongole yambiri, ngongoleyo nkuisenzetsa kampani yogulidwayo, kenako pakapita zaka zingapo nkugulitsa. Chimene amagula kwenikweni si nyumba kapena makina, kampani ya home care ilibe katundu, amagula makontirakiti a khonsolo ndi mndandanda wa antchito.

Vuto lake ndi loti ntchito imeneyi sichipa chifukwa choti kampani yakula. Ndalama zambiri zimapita ku malipiro a anthu, ndipo carer mmodzi amasambitsa munthu mmodzi pa nthawi imodzi kaya kampani ili ndi antchito 30 kaya 10,000. Zimene mungapulumutse ku ofesi ndi zochepa, pamene chiwongola dzanja cha ngongole ija ndi phindu la eni ake zikufunika kutuluka mu mapaundi omwe aja a pa ola. Ndiye zimachokera kuti? Kwa wantchito ndi kwa agogo, palibenso kwina.

Chenjezo loyamba lalikulu linachokera ku nyumba zosungira okalamba. Southern Cross inali kampani yaikulu kuposa zonse, nyumba pafupifupi 750 ndi anthu okhalamo pafupifupi 31,000. Inakula mwachangu pogula ndi kuphatikiza makampani ena, makamaka itagulidwa ndi Blackstone ya ku America mu 2004, ndipo inalowa pa msika wa masheya mu 2006. Njira yake inali yoti nyumbazo zikhale za eni ena, iyo izingochita lendi, ndipo lendiyo inalembedwa kuti izikwera chaka chilichonse. Makhonsolo atasiya kukweza mitengo ndipo mabedi ena atayamba kukhala opanda anthu, lendi inapitirizabe kukwera, mu 2011 kampani inagwa. Nyumba zambiri zinatengedwa ndi makampani ena ndipo anthu ambiri sanasamutsidwe, koma mabanja anakhala miyezi osadziwa kuti mayi awo agona kuti. Four Seasons Health Care imene inatenga zina mwa nyumbazo inagulidwa ndi Terra Firma mu 2012 pa mapaundi 825 miliyoni, nayonso inamira mu ngongole ndipo makampani ake akuluakulu analowa mu administration, kutanthauza kuyendetsedwa ndi akatswiri oona za makampani olephera kubweza ngongole, mu April 2019.

Ku chisamaliro cha kunyumba nkhani yake ndi yomweyo kungoti manambala ndi ocheperako. Mitie, kampani yodziwika ndi zoyeretsa maofesi ndi ulonda, inagula kampani ya Enara mu 2012 pa mapaundi pafupifupi 111 miliyoni nkuitcha MiHomecare. Mu 2017 inagulitsa bizinesi yake ya zaumoyo ku Apposite Capital pa mapaundi awiri. Awiri enieni, ndipo inawonjezeraponso mamiliyoni angapo kuti wogulayo avomere kusenza. Saga, imene imagulitsa inshuwalansi ndi maulendo kwa anthu achikulire, inagula Nestor Healthcare ndi Allied Healthcare cha mu 2011 nkuziphatikiza pansi pa dzina la Allied, poganiza kuti makasitomala ake omwewo adzafuna chisamaliro. Mu 2015 inaigulitsa ku Aurelius ya ku Germany pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inagulira. Pofika November 2018 bungwe loyang'anira la CQC linalembera makhonsolo 84 kuwachenjeza kuti Allied ikhoza kulephera kupitiriza, ndipo anthu pafupifupi 9,300 ku England ankadalira kampaniyo kuti adzuke, adye, amwe mankhwala. Makhonsolo anayamba kuthamanga kusamutsa makontirakiti nthawi yozizira ikuyamba, ndipo zotsalazo zinagulidwa ndi Health Care Resourcing Group. Mphamvu yochenjeza imeneyi CQC inaipatsidwa ndi Care Act ya 2014 chifukwa cha zimene zinachitika ndi Southern Cross, koma ndi mphamvu yoona mabuku ndi kuchenjeza basi, siingaletse kampani kudzikundikira ngongole kapena kugulidwa ndi wina aliyense. Kampani ya Mears nayo inagula mbali ya home care ya Care UK mu 2015 kenako mu 2020 inagulitsa bizinesi yake ya ku England ndi Wales ku Cera. City and County Healthcare imene inakula pomeza timakampani tambiri yadutsa m'manja mwa Sovereign Capital, Graphite Capital kenako Summit Partners, ndipo timakampani tambiri timene inagula tinasunga mayina awo akale, nde banja limaganiza kuti likuchita ndi kampani ya m'tauni mwawo.

Ku mbali ya manesi a NHS aja zinayenda mosiyana pang'ono. Cha m'ma 2008 mpaka 2011 boma linalamula kuti mabungwe a NHS a m'madera, ma primary care trust, asiye kukhala ogula ndi ogwira ntchito nthawi imodzi, ndiye manesi oyendera m'nyumba anasamutsidwa, ena anaphatikizidwa ku zipatala zazikulu, ena ku ma trust a matenda a maganizo, ena anapanga ma trust awoawo kapena mabungwe osafuna phindu. Kenako lamulo la Health and Social Care Act la 2012, la nduna ya zaumoyo ya nthawiyo Andrew Lansley, linatsegula kwambiri khomo la matenda opikisana. Virgin Care inapambana makontirakiti akuluakulu, ku Surrey mu 2012 ndi ku Bath and North East Somerset mu 2016 kumene kontirakiti yake inali ya mapaundi pafupifupi 700 miliyoni pa zaka 7. Mu December 2021 Virgin inagulitsa kampaniyi ku Twenty20 Capital ndipo dzina linasintha kukhala HCRG Care Group. Wodwala salipirabe ndipo ntchito zambiri za manesiwa zikadali m'manja mwa NHS, tisakokomeze. Chimene chinapweteka kwambiri kumeneku ndi kusamutsidwasamutsidwa ndi kuchepa kwa anthu, chiwerengero cha ma district nurse ku England chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti kapena kupitirira m'zaka khumi kuchokera cha mu 2009. Zotsatira zake ntchito zina zimene kale ankagwira nesi pano zikutsikira kwa carer amene maphunziro ake ndi a masiku ochepa ndipo malipiro ake ndi a pansi.

Kwa wokalamba mwiniwake, kugulidwa kwa kampani samakuona pa nyuzi, amakuona pakhomo. Rota ikasintha kumabwera nkhope zatsopano, ndipo munthu wa dementia amene anazolowera mtsikana mmodzi amakana kusamba, amakana kudya, nthawi zina amachita mantha kuti mwalowa wakuba. Carer wozolowera ndi amene amazindikira kuti lero agogo sakuyankhula ngati masiku onse, mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo, nkuimbira dokotala zisanafike poipa. Mlendo sangadziwe zimenezo ngakhale atakhala wamtima wabwino bwanji. Ndipo kampani ikaona kuti kontirakiti ya dera lina sikupindula, makamaka kumidzi kumene nyumba zili motalikirana, imangoibweza ku khonsolo. Anthu osowa wowasamalira kunyumba amakhala m'chipatala atachira kale, ndipo zaka zaposachedwazi mabedi opitirira 12,000 pa tsiku ku England akhala akugonedwa ndi anthu oti akanatha kutuluka, ambiri mwa iwo akudikira chisamaliro. Ambulansi zimaima pamzere panja chifukwa mkati mulibe malo. Makampani ena anaona kuti bola kusiyana nazo za khonsolo nkumangotenga makasitomala odzilipirira okha amene amapereka mtengo wokwera, ndiye madera olemera ali ndi chisamaliro chabwinoko pamene madera osauka atsala ndi makampani opikisana pa kutchipa. Ku nyumba zosungira okalamba bungwe loona za mpikisano la CMA linapeza mu 2017 kuti odzilipirira okha ankapereka pafupifupi 41 peresenti kuposa zimene khonsolo imalipira pa malo ofanana.

Apa ndi pamene ife tikulowera. Malipiro atakhala otsika chonchi, anthu a komweko anayamba kuthawira ku masitolo ndi kumalo osungira katundu kumene ndalama ndi yofanana kapena yoposa koma ntchito ndi yopepukirako. Brexit inatseka njira ya antchito ochokera ku Poland, Romania ndi maiko ena a ku Ulaya, Covid inatopetsa otsalawo, ndipo mu 2021 mpaka 2022 bungwe la Skills for Care linawerenga malo opanda anthu pafupifupi 165,000. Mmalo mokweza mtengo wa pa ola boma linatsegula viza, mu February 2022 ma care worker analowetsedwa pa Health and Care Worker visa, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anabwera kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe, Ghana ndi kwina, Amalawi ndi a ku Zambia nawonso momwemo.

Chimene chinachitika kenako ndi mbali ina ya msika womwewu. Pamene kumtunda makampani akuluakulu akumezana, kumunsi kunaphuka timakampani tatsopano tambirimbiri, tina tili ndi laisensi yobweretsa anthu koma tilibe kontirakiti yokwanira ya khonsolo. Kapepala ka CoS, kochokera kwa bwana kopezera viza, kamene mwalamulo wantchito sayenera kukagula kanayamba kugulitsidwa mapaundi masauzande, anthu anagulitsa mapuloti ndi magalimoto, kutenga katapila, kufika ku England nkupeza kuti maola kulibe. Ndipo poti viza yamangiriridwa kwa bwana mmodzi, munthu amaopa kudandaula za maola osalipidwa aja. Boma lenilenilo linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi opitirira 470 m'gawo la care ndipo antchito opitirira 39,000 anakhudzidwa. Kuyambira 11 March 2024 ma care worker atsopano analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo pa 22 July 2025 njira yolemba ma care worker kuchokera kunja inatsekedwa, kungotsala mwayi kwa amene ali kale m'dzikomo. Ndiye amene akukuuzani pano kuti tumizani ndalama ndikupezereni CoS ya care muli ku Lilongwe, musamupatse ngakhale tambala.

Kwa amene muli kale mkati ndipo mwamva kuti kampani yanu yagulidwa, pali malamulo otchedwa TUPE a 2006 amene amanena kuti bizinesi kapena kontirakiti ikasamukira kwa bwana wina antchito amasamuka nayo pamodzi ndi malipiro awo ndi zaka zimene agwira, ndipo bwana watsopano sangangosintha zinthu chifukwa cha kusamukako. Koma ngati angogula masheya a kampani, bwana wanu pa pepala amakhala yemweyo ndipo kontirakiti yanu imapitirira mmene inalili. Kwa munthu wa viza pali chinanso, bwana watsopano ayenera kukhala ndi laisensi ya sponsor kapena kuipempha mwachangu ndi kudziwitsa Home Office, ndipo laisensi ikalandidwa nthawi zambiri munthu amapatsidwa masiku 60 kuti apeze bwana wina. Funsani zimenezi poyera tsiku lomwe mwamva, sungani ma rota ndi ma payslip anu onse, lembani nthawi imene mumayenda pakati pa ma call, ndipo kulowa union ngati Unison kapena GMB ndi ufulu wanu ngakhale muli pa viza.

Kodi njira ina ilipo? Scotland inayamba kupereka chisamaliro cha pathupi mwaulere kwa anthu a zaka 65 kupita mtsogolo mu 2002, ngakhale nakonso makampani alipo ndipo antchito akusowa. Ku Netherlands nkhani yake imandisangalatsa chifukwa nakonso mabungwe a manesi oyendera m'nyumba anaphatikizidwa kukhala akuluakulu, ntchito inadulidwadulidwa kukhala timphindi, wina wobaya jekeseni wina wovala masokosi, mpaka nesi wina dzina lake Jos de Blok anatopa nazo nkuyambitsa Buurtzorg mu 2006 ku Almelo. Magulu ake ndi a manesi osapitirira 12, amadziyendetsa okha m'dera lawo, mabwana apakati ndi ochepa kwambiri, ndipo bungweli linakula kufika antchito opitirira 10,000. Madera ena ku England anayesa kutengera koma zimavuta kulowetsa njira yotereyi m'dongosolo limene limagula chisamaliro pa mphindi.

Ine maganizo anga ndi oti kukangana kuti kampani kapena khonsolo ndani wabwino kumabisa funso lenileni. Boma silinachoke mu ntchitoyi, likadali wogula wamkulu ndipo ndi limene limatchula mtengo, linangosiya kukhala bwana wa antchitowo kuti malipiro otsika asamaoneke ngati ake. Khonsolo italanda ntchito yonse mawa pa bajeti yomweyi mavuto ambiri akhalapobe. Koma sindivomerezanso zoti umwini ulibe kanthu, chifukwa ndalama ya msonkho yochepa kale ikamapita ku chiwongola dzanja cha ngongole imene inatengedwa pongogulira kampani, imeneyo ndi ndalama yochotsedwa pa mphindi za agogo, ndipo payenera kukhala malire pa ngongole zimene kampani yosamalira anthu ingasenze komanso mabuku ake azioneka poyera.

Andale a ku Britain akudziwa zonsezi. Komiti ya Andrew Dilnot inapereka maganizo ake mu 2011 oti pakhale malire a ndalama zimene munthu angalipire pa moyo wake wonse. Zinalembedwa m'lamulo la 2014 koma zinaimitsidwa, Boris Johnson anadzalengeza malire a mapaundi 86,000 oti ayambe mu October 2023, anakankhidwira ku October 2025, kenako nduna ya zachuma Rachel Reeves anawathetsa mu July 2024 ponena kuti ndalama palibe. Mu April 2025 minimum wage ya akuluakulu inakwera kufika mapaundi 12.21 pa ola, zimene ndi zabwino kwa antchito, koma nthawi yomweyo msonkho wa National Insurance wa olemba ntchito unakweranso kufika 15 peresenti, ndipo makampani a care sanapatsidwe chikhululukiro, nde ang'onoang'ono ambiri akudandaula kuti atseka kapena agulitsa kwa akuluakulu. Boma la Keir Starmer linalonjeza mgwirizano wa malipiro oyenera wa antchito a care onse, ndipo mu January 2025 linasankha Louise Casey kuti atsogolere komiti ina younika nkhani yonseyi. Lipoti lake lomaliza likuyembekezeka mu 2028.